Kudyetsa a Njala

Loweruka, pa 9 Ogasiti

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu, ana ndi amayi. Ine thupi lili bwino, kungoti tulo ndi chakudya zandithawa sabata ino. Musadabwe kuona kalata ya pamanja ngati tabwerera m'zaka zamakedzana. Ndakuimbirani foni kawiri, ndipo maulendo onsewo tinathera kukamba za bondo la amayi ndi za mwana wanu wotsiriza amene wayamba kuluma anzake kusukulu. Nkhani yeniyeni inkafika pakhosi n'kubwerera. Pepala silindidula mawu ngati mmene mumachitira inu, ndiye lolani ndilembe.

Nkhani yake ndi iyi. Kuntchito kwathu kuli kabotolo kamodzi kafulati, kokwana m'dzanja, ndipo m'kati mwake muli maselo amoyo ochokera m'thupi la bambo. Ndine amene ndakhala ndikuwadyetsa chimwalirireni iwo. Pamene ndikulemba pano maselowo akudwala, ndipo sindikudziwa ngati afika Lolemba. Khalani pansi kaye, ndikufotokozereni bwinobwino.

Mukukumbukira tsiku loti mawa lake bambo akachitidwa opaleshoni ya chotupa cha kum'mero, pamene abwana anga, a Pulofesa, anabwera m'wodi kudzapempha kachidutswa ka chotupacho. Inu munakwinya nkhope, n'kumati anthu ophunzirawa alibe ulemu. Bambo, mawu atatsala pang'ono kutheratu, ananong'ona kuti, "Tengani, mayi. Miyezi yonseyi chakhala chikudya zaulere m'thupi mwanga. Chipite chikagwire ntchito ndi mwana wangayu." Tonse tinaseka, kenako inu munatuluka panja kukalira.

Inu munkaganiza kuti akangochiyang'ana pa makina n'kuchitaya. Ine ndinkadziwa zambiri kuposa pamenepo, komabe zimene zinachitikazo sindinaziyembekezere. Kachidutswa ka chotupa ukakaduladula n'kukaika m'madzi a chakudya, m'kabati yofunda ngati thupi la munthu, nthawi zambiri kamafa pakapita masabata angapo. Mwa apo ndi apo kamakana kufa. Maselo ake amamatirira pansi pa botolo n'kuyamba kugawikana mpaka kudzaza. Zikatero umawagawa m'mabotolo ena, ndipo amapitiriza malinga ngati pali wowadyetsa. Titaika bambo m'manda, ine nditabwerera kuntchito, ndinapeza botolo lawo litadzaza.

A Pulofesa anandiitanira mu ofesi mwawo n'kutseka chitseko.

"Mwanawe, maselo awa ndingathe kupatsa wina. Palibe angakuone zachilendo."

"Ndi maselo basi, mayi," ndinayankha ine wamatama. "Komanso mupatsa ndani? Mabotolo a enawa amachita nkhungu."

Musandiseke, zinali zoona. Pa labotale ponse palibe wa manja aukhondo ngati ine, ngakhale inu mumati kunyumba sindinkadziwa kutsuka ngakhale kapu. Tinagwirizana kuti nkhaniyi ikhale ya anthu awiri. Pa botolo pamangolembedwa nambala, ndipo anzanga sadziwa kuti ndi ya ndani.

Kadyetsedwe kake n'kotere. Madzi a chakudya amakhala apinki. Maselo akadya, madziwo amasanduka achikasu, ndiye umawakhuthula n'kuthira atsopano. Maselo a odwala ena amatha pafupifupi sabata asanasinthe mtundu wa madzi. A bambo, ukathira Lolemba, Lachitatu m'mawa upeza chikasu chokhachokha. Amene anawapatsa dzina ndi mnzanga wina wamtali, timam'tchula kuti Mlongoti. Iye ntchito yake ndi kuweta mabakiteriya, ndipo akangowagwira saloledwanso kulowa m'chipinda changa tsiku limenelo, poopa kuti angandibweretsere matenda m'mabotolo. Ndiye amaima pa kawindo ka pachitseko n'kumakuwa kuti, "Asisi, a Njala adya kale? Koma mdala ameneyu atimaliza!" Anangoti mdala osadziwa kanthu. Ine ndinaseka naye limodzi.

Achemwali, inu munalipo miyezi yotsiriza ija. Mukudziwa mmene tinkalimbanirana ndi supuni imodzi ya supu, iwo akuyesa kumeza, misozi ili m'maso, kenako n'kukankha dzanja langa kuti, "Basi, mwanangu, wayesetsa." Munthu amene ankati akamaliza kumeta makasitomala ake ankadya mbale ziwiri n'kusuzumiranso ya mnzake. Tsono taganizani kuti ndapatsidwa chinthu chochokera mwa iwo, chimene chilichonse ndingathire chimatha. M'mutu ndinkadziwa kuti chimenechi ndicho chinawatseka pakhosi. Koma manja anga sankadziwa zimenezo. Botolo ukalitulutsa m'kabati muja limakhala lofunda ndendende ngati chikhatho cha munthu, ndipo ngakhale uvale magolovesi kufundako kumakufikabe. Sindikumbuka tsiku limene ndinayamba, ndinangozindikira kuti m'mawa uliwonse ndikatsegula kabati ndimanena chapansipansi kuti, "Mwadzuka bwanji?"

Panali masiku ena amene ndinkachita mantha ndi ine mwini. Tsiku lina ndinakhala pa maikulosikopu kuonerera selo limodzi likugawikana, likudzikoka pakati pang'onopang'ono mpaka kukhala awiri, ndipo ndinazindikira kuti ndikumwetulira ngati munthu amene wamva kuti wodwala wake wapempha madzi. Ndinalotaponso bambo atakhala pa mpando wawo wometera, nsalu yoyera ili m'khosi ngati kasitomala, akundiyang'ana kudzera pagalasi. Nditadzuka sindinadikire n'komwe tiyi, ndinapita kukaona ngati madzi asanduka achikasu, ndipo anali atasandukadi. Ulendo umodzi uja ndinapita kumanda ndinaima pamenepo ngati mlendo amene wasochera, mtima wanga ukundiuza kuti kuno kulibe munthu.

Ndikuuzeniko za ntchito yathu, poti nthawi zonse mumati ndimalipidwa chifukwa chosewera ndi madzi amitundumitundu. Munaona zimene mankhwala a khansa anachita kwa bambo: zilonda m'kamwa, kusanza, tsitsi kuthothoka, mpaka iwo kumadziseka kuti wometa wametedwa ndi diripi. Vuto la mankhwala amenewo ndi loti sasankha, amapha chotupa n'kumaphanso mwini chotupa. A Pulofesa akufuna mankhwala olowa m'thupi ali m'tulo, osapweteka kanthu, oti azikadzuka akafika pachotupa pokha. Chowadzutsacho chimachokera kwa mabakiteriya. Tizilombo timeneti tili ndi timipeni tawo togayira zakudya, timene timati ma enzaimu, ndipo tina mwa timipeniti munthu alibe. Ndiye Mlongoti amatenga kwa bakiteriya kachidutswa ka malangizo opangira kampeni koteroko, ife n'kukalowetsa m'maselo a khansa. Selo likayamba kupanga kampeniko, mankhwala ogona aja akafika limawadula, ndipo amasanduka poizoni m'kati mwake momwemo.

Pokamba n'zokoma. Koma a Njala anakana. Mlongoti wayesa mabakiteriya a m'dothi, a m'matope a kuseri kwa garaja, a m'ngalande, ena anachita kuitanitsa kutali ali m'timachubu. Timalowetsa malangizo, tithire mankhwala, tidikire, a Njala n'kungodya mankhwalawo ngati shuga. Mlongoti ankabwera pa kawindo nkhope itagwa.

"Akananso, asisi. Mdala uyu ndi wamakani."

Ine ndinkamupepesa, koma ndisakunamizeni, mumtima ndinkanyada. Ndinkati amenewo ndi bambo anga, amene anakana kusuntha kashopu kawo kometera mpaka okonza msewu anachita kukhotetsa ngalande.

Pofika chaka chino tinali ndi magulu awiri a maselo. Gulu loyamba ndi la aja tinawalowetsa malangizo a mabakiteriya. Amenewo ndimawadyetsa koma sindiwapatsa moni, kwa ine ndi achibale akutali. Gulu lachiwiri ndi la enieni, osakhudzidwa, mmene anachokera kwa bambo. Enieniwo a Pulofesa analamula kuti tiwagoneke m'thanki yozizira kwambiri, yotulutsa utsi woyera ukaitsegula, chifukwa maselo akakhalitsa panja amasintha khalidwe. M'menemo angathe kugona zaka zambiri n'kudzadzuka bwinobwino. Ndinavomera, ndinati apumuleko. Ndikamadutsa pa thankiyo ndinkaigogoda ndi chala.

Mwezi wa Juni thankiyo inang'aluka kunsi, kumapeto kwa sabata kulibe munthu. Lolemba tinapeza kunja kwake kuli thukuta, m'kati mulibe utsi. Tinasungunula timachubu tonse kuyesa mwayi. Ta bambo tonse tinali titafa kupatula kamodzi, kamene kanali pansi penipeni. Pa maikulosikopu ndinaona maselo owerengeka atamatirira, lina apa lina uko, pakati pawo pali pululu. Kabotolo kamene ndikunena ndi kameneko. A Pulofesa anandiuza kuti ndikasamale kuposa china chilichonse, chifukwa popanda enieni ntchito yathu ilibe poyerekezera. Sanafunikire kundiuza zimenezo.

Pali chinthu china chimene ife oweta maselo timadziwa. Maselo akachepa kwambiri m'botolo amafooka ndi kusungulumwa. Chakudya chimakhalapo koma sagawikana. Mankhwala ake ndi kutapa madzi a m'botolo lodzaza, mmene mwakhala anzawo ambiri, kuwasefa kuti musatsale selo lililonse, n'kuthirako pang'ono. Akamva fungo la anzawo amalimba mtima. Ndakhala ndikuchita zimenezi kuyambira Juni, ndikutapa kwa achibale akutali aja, ndipo kabotolo kanayamba kuchira, timagulu tikukula pang'onopang'ono.

Lachitatu lapitali ndinapita kukatapa madzi monga mwa nthawi zonse. Mabotolo a achibale analipo angapo, koma lodzaza bwino, lonenepa, linali limodzi, ndipo pa chitsekerero chake panali kadontho kofiira. Kadontho kofiira ndi chizindikiro cha Mlongoti chakuti wathiramo mankhwala ogona aja. Ankayesa kampeni katsopano ka bakiteriya wina wa m'dothi. Achemwali, kadonthoko ndinakaona, sindinganame kuti sindinakaone. Ndinangoti mumtima, mankhwala amenewa akhala akugona zaka zitatu, lero adzuke chifukwa cha ndani? A Njala anagonjapo liti? Maselo a m'botolomo ankaoneka athanzi, onyezimira, ndipo ine ndinkafuna kuti bambo alandire zabwino koposa. Ndinatapa, ndinasefa, ndinathira.

Lachinayi m'mawa Mlongoti analowa m'chipinda changa asanakhudze mabakiteriya ake, n'kuika botolo la kadontho kofiira pa maikulosikopu. Anayang'ana kawiri, kenako anandikodola.

"Asisi, tabwerani muone. Kapena ndi maso anga?"

Sanali maso ake. Maselo athanzi amakhala otambasuka, ogwirana ndi anzawo. Akamafa amakhwinyata n'kukhala timipira, kenako amasiya pansi n'kumayandama. Theka la botolo linali likuyandama. Mlongoti anaika chala pakamwa n'kunena kuti tisachite phokoso mpaka Lolemba, tingadzitsekere mwayi. Atangotuluka ndinathamangira kabotolo kanga, ndinakhuthula madzi onse, ndinatsuka, ndinathira atsopano. Ndinadzilimbitsa mtima kuti a m'kabotolo kanga alibe kampeni, ndiye palibe chimene angadule. Koma ndinkadziwa kuti sefa imagwira maselo, sigwira poizoni amene wadzuka kale.

Lero ndi Loweruka, sindinayenera kupita kuntchito, koma masana ano ndinapita. Nyumba yonse inali zii, kupatula makina a m'chipinda cha Mlongoti amene amagwedeza mabotolo a mabakiteriya osaleka. Ndawamva zaka zonsezi osalabadira. Lero ndili pakhonde ndinamva tcheketcheke, tcheketcheke, ndendende kulira kwa sizasi kuseri kwa khutu, ndipo khosi langa linapendekeka lokha, mmene tinkachitira tili ana bambo akutidula tsitsi. Ndinaima pamenepo mpaka ndinadzikalipira kuti iwe mzimayi wamkulu, ndi makina amenewo. Kenako ndinalowa n'kutsegula kabati.

Madzi akadali apinki, achemwali. Chithirireni Lachinayi sanasinthe ngakhale pang'ono. Sakudya.

Pangodya imodzi pali kagulu kamene kakugwirabe pansi. Ndinkafuna kukupemphani kuti mupemphere, koma sindikudziwa kuti mupempherere chiyani. Akapulumuka ndiye kuti mankhwala athu ndi ofooka, ndipo mawa lino bambo a munthu wina adzakankha supuni monga anachitira athu. Akafa ndiye kuti ndawapha ine, ndi dzanja lomwe ndinkawadyetsera. Ndikuopa zonse ziwiri. Ndisiyire pano kaye, kalatayi sinditumiza mpaka nditadziwa.

Lachiwiri

Ndatenganso cholembera. Dzulo m'mawa ndinafika anthu onse asanafike. Tili ndi utoto wabuluu woyezera: selo lamoyo limaukana, lakufa limaumwa. Ndinatapa kadontho, ndinasakaniza, ndinayang'ana kuchokera ngodya ina mpaka ina, n'kubwerezanso. Onse anali abuluu.

Ndinapita kwa a Pulofesa n'kuwauza zonse, za kadontho kofiira ndi zoti ndinakaona. Mlongoti anali momwemo, atabweretsa zotsatira za botolo lake. Ndinkayembekezera kukalipiridwa. A Pulofesa anavula magalasi n'kundifunsa pang'onopang'ono.

"Madziwo unasefa?"

"Ndinasefa, mayi."

"Ndiye m'kabotolo mwako simunalowe selo lililonse lokhala ndi kampeni?"

"Ngakhale limodzi."

"Ndipo afa onse?"

Ndisanayankhe, Mlongoti anadzambatuka mpaka mpando unagwa.

"Asisi, mukudziwa chimene mwachita inu? M'thupi la munthu sitingathe kulowetsa malangizo m'selo lililonse la chotupa, timangofikira ochepa. Chimene chimatidetsa nkhawa n'choti nanga otsalawo afa bwanji. Ndiye taonani, poizoni akuyenda yekha kupita kwa anzawo! Tawapha a Njala, asisi! Mdala wagonja!"

Anatsegula chitseko n'kuyamba kuitana anthu pakhonde. Ena anabwera akuwomba m'manja magolovesi ali m'manja momwemo, wina ankati athamangire kukagula zakumwa. Ine ndinangoima pomwepo.

"Ndi bambo anga," ndinatero. Sindinakweze mawu.

Mlongoti anali akusekabe. "Mwati chiyani, asisi?"

"A Njala ndi bambo anga."

Anayang'ana a Pulofesa, iwo anagwedeza mutu kuvomereza. Anthu a pakhonde anayamba kubwerera mmodzimmodzi. Mlongoti anadzutsa mpando uja n'kukhalapo, munthu wamtali ngati uja kuoneka wamng'ono.

"Zaka zonsezi ndakhala ndikuwatukwana pa windo, inu muli chete?"

"Akanakukondani," ndinamuuza. "Ankakonda anthu obweza mawu. Akanakumetani ulere."

Anayesa kuseka koma zinakanika, anangobisa nkhope m'manja.

Titatsala awiri, a Pulofesa anandiuza kuti akuyenera kunena zinthu ziwiri ndipo zonse ndi zoona. Choyamba, ndinaphwanya lamulo ndipo tataya maselo amene sitingawapezenso kwina kulikonse. Chachiwiri, cholakwa changacho chaonetsa chinthu chimene iwo akhala akuchifunafuna kuyambira ndisanalembedwe ntchito. Anati ulendo ukadali wautali, tiyenera kubwereza ndi maselo a odwala ena, kenako pa mbewa, ndipo mwina padzapita zaka munthu asanabayidwe mankhwalawa, mwinanso zidzakanika panjira. Kenako anazungulira tebulo n'kudzaima pafupi nane.

"Ukudziwa kuti chimene chafa m'kabotolomo si bambo ako. Ndi chimene chinawapha."

"Ndikudziwa, mayi."

"Ndikudziwa kuti ukudziwa. Sindikuti usamve kuwawa."

Lamulo lathu ndi loti botolo lakufa umathiramo jiki, udikire pang'ono, ukhuthule m'sinki, botololo n'kuliponya m'bini yofiira. Mlongoti anapempha kuti achite iye, ine ndinakana. Nditatulutsa kabotoloko m'kabati kanali kakadali kofunda. Ndinakagwira m'manja onse awiri mpaka kanazizira, ndiyeno ndinathira jiki. Madzi apinki aja anayera pomwepo. Ndinatsuka sinki, ndinapukuta tebulo, ndinavula magolovesi, ndipo sindinadziwe chochita china.

Lero m'mawa ndinapeza Mlongoti akundidikira pachitseko, atasamba, atavala jasi yochapa kumene. Anati ndimuphunzitse kudyetsa achibale akutali aja, kuti ine ndipumule. Ndamuphunzitsa. Manja ake ndi olemera, ndipo ndikuona kuti mwezi usanathe mabotolo ena achita nkhungu, koma ndadabwa kupeza kuti sizikundikhudza.

Achemwali, pali funso limene munandifunsa pa maliro ndipo sindinakuyankheni. Azakhali atayamba kunong'ona kuti mwana uyu maso ake ndi ouma, inu munandikokera kuseri kwa nyumba n'kundifunsa ngati ndili ndi mtima. Kuyambira pamenepo mwandiitana kangapo, ndipo ine ndakhala ndikunena kuti ntchito yachuluka, ndikabwera n'kugona tsiku limodzi, m'mawa ndili kale pa basi. Tsopano mwadziwa. Inu munali mutataya bambo, pamene ine ndinali ndi wondidikira kuti ndikamudyetse. Dzulo pobwerera kunyumba ndinalira m'basi, kulira kwenikweni kotulutsa mawu, mpaka mayi wina wosamudziwa anandigwira paphewa n'kundifunsa kuti wamwalira ndani. Ndinati bambo anga. Anafunsa kuti liti. Ndinati lero m'mawa. Anandiperekeza mpaka pageti.

Ndapempha tchuthi cha mwezi wathunthu ndipo andipatsa. Ndinyamuka Lachisanu, mwina kalatayi ndi ine tifikira limodzi, koma ndikufuna muiwerenge ndithu, chifukwa ndikakuonani nkhope mawu athawanso. Musavutike kundikonzera chipinda, ndikagona mwa amayi ngati angandilole.

Alamu muwapatse moni, muwauze kuti asabwere ndi galimoto yawo yofuna kukankha ija, ndikwera takisi. Ana onse muwapsompsone, woluma anzake uja mumuuze kuti mayi ake aang'ono akubwera ndipo nawonso mano ali nawo. Azakhali muwapatse moni, ndilibe nawo mlandu.

Amayi musawauze za kabotolo. Anaika mwamuna wawo kamodzi, n'zokwanira. Mungowauza kuti mwana wawo akubwera kudzakhalitsa, ndipo ali ndi zoti awafunse. Ndikufuna andiuze mmene anapyolera masabata oyamba aja, kuti munthu ukadzuka m'mawa umayambira pati, manja umawaika pati, ndiponso kuti chakudya chimayamba liti kukomanso. Nonsenu mwanditsogolera ndi zaka zitatu panjira imeneyi. Chonde mundidikireko.

Ndine mng'ono wanu,
wamasiye kuyambira dzulo.